Sitalaka, Mabungwe a Anchito ndi Azimai Obwera Kudzalima m'Minda Mwathu

Fodya akagulitsidwa, kuyambira May mpaka July, milandu ya malipiro imaculuka kuno kwa Mwase Lundazi. Ina imapita kwa anyakwawa, ina ku polisi, ndipo ina imafika pakhomo pa abusa kapena mkulu wa mpingo, popeza mwini munda ndi wanchito wake nthawi zina amakhala pa benchi limodzi pa Sondo. Olankhula pa milandu yotere amakhala amuna awiri, mwini munda ndi bambo amene anapangana naye. Mai amene anathirira nazale, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kusankha fodyayo amakhala cakumbali ndi mwana kumbuyo, ndipo palibe amene amamufunsa kanthu. Kawirikawiri amakhala wocokera kutsidya kwa malire, ku Kasungu, Mzimba, Dowa kapena Mchinji.

Akhristu ena atifunsa ngati anthu otere ali ndi ufulu wonyanyala nchito kapena wolowa m'bungwe la anchito monga anzao a ku migodi. Pano tasonkhanitsa zimene lamulo limanena ndi zimene zinacitika kumalo kumene azimai a m'mafamu ananyanyaladi. Tinene poyambirira kuti ambiri a ife owerenga ndife olemba anchito, ngakhale kuti sitidzichula tero.

Sitalaka ndi yuniyoni

Sitalaka ndi pamene anchito apangana kuleka nchito onse pamodzi kufikira bwana atamva dandaulo lao. Munthu akaleka yekha amati wathawa nchito, ndipo mawa lake wina amalowa m'malo mwake. Bungwe la anchito, limene ambiri timati yuniyoni, ndi gulu lokhazikika. Limakhala ndi mamembala olembedwa, copereka ca mwezi ndi mwezi, ndi atsogoleri osankhidwa amene amakambirana ndi mabwana za malipiro, maola, nyumba ndi chuthi. Zimene agwirizana zimalembedwa, ndipo zimamanga mbali zonse ziwiri.

M'dziko muno zimenezi zinayambira ku migodi. Pa sitalaka ya 1935 anchito 6 anaomberedwa ku Roan Antelope ku Luanshya, ndipo pa ya 1940 anthu 17 anafa ku Nkana. Mu 1949 kunakhazikitsidwa African Mineworkers' Union motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Anchito a m'minda ali ndi bungwe lao, National Union of Plantation, Agricultural and Allied Workers, mwacidule NUPAAW. Lili pansi pa Zambia Congress of Trade Unions, bungwe limene Frederick Chiluba analitsogolera asanakhale pulezidenti mu 1991. NUPAAW imakambirana za malipiro ndi Zambia Farm Employers Association, ndipo mphamvu zake zili m'mafamu akuluakulu, monga a nzimbe ku Nakambala ku Mazabuka ndi a maluwa ndi ndiwo zamasamba ozungulira Lusaka. Kumeneko anthu mazanamazana amalowera geti limodzi, ali ndi bwana mmodzi ndi tsiku limodzi lolandira. Kuno kwathu mwini munda amalemba mabanja awiri kapena atatu, ndipo munda wina uli kutsidya kwa dambo.

Amene amabwera, ndi mmene amalembedwera

Malire a Zambia ndi Malawi anadutsa pakati pa anthu amodzi. Ufumu wa Mwase wa kuno ndi wa Mwase wa ku Kasungu ndi wa pacibale, cinenero ndi cimodzi, ndipo maliro ndi maukwati timayenderana. N'cifukwa cake munthu wofuna nchito saona cacilendo kuoloka. Ena amadzera pa cipata ca Lusuntha ndi mapepala, koma ambiri amadzera njira za m'chire zimene makolo ao ankayendamo.

Gulu lalikulu ndi la matenanti a fodya. Mwini munda, kapena munthu amene wamutuma, amapangana ndi bambo ca m'ma August kapena September, nazale isanafesedwe. Mwini munda amapereka malo, mbeu, feteleza, kanyumba, ndi phoso la cimanga ndi mcere. Banja limalima mpaka mabelo atamangidwa. Malipiro amabwera kamodzi kokha, fodya atagulitsidwa, ndipo asanaperekedwe amacotsapo mtengo wa phoso, wa mankhwala pamene mwana anadwala, nthawi zina ndi ndalama ya ulendo wobwerera kuno. Buku la ngongolezo limasungidwa ndi mwini munda yekha. Nayenso amakhala atadulidwa kale ndi kampani imene inamukongoza feteleza, ndiye caka cikavuta amatsitsira vutolo kwa amene ali pansi pake.

Pa pangano lonseli mai sachulidwa, cikhalireco mwini munda sangalembe mbeta, amafuna wokwatira cifukwa akudziwa kuti akupeza manja anai kapena kuposapo pa mtengo wa munthu mmodzi. Mai amatunga madzi a nazale m'mawa ndi madzulo mu October, amaokera mvula ikagwa, amathyola mu February ndi March, amasoka masamba m'cigafa mpaka mdima, kenako n'kukaphika. Kuthyola fodya wonyowa ndi mame kumalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, ndipo munthu amamva cizungulire, mutu ndi nseru. Acipatala amaadziwa matendawa, koma pamunda amangoti ndi ulesi kapena malungo. Ndalama ikatuluka imalowa m'thumba la bambo. Tonse tikudziwa mabanja amene ndalama ya miyezi khumi inathera pa msika m'masiku atatu, mai n'kubwerera kwao wapansi ndi ana.

Gulu laciwiri ndi la azimai obwera okha, amasiye ndi osiyidwa ukwati, odzagwira ganyu yopalira, kukumba nshawa, kuzula soya kapena kutola thonje. Awa amalipidwa pa mzere kapena pa thini, nthawi zambiri ndi cimanga. Iwo amapangana okha, koma palibe colembedwa, ndipo akafunsa zao molimba mtima, mau akuti "Immigration" amakwanira kuwatseka pakamwa.

Utenanti ndi mdzukulu wa thangata, nchito yokakamiza ya m'maesiteti a atsamunda imene inali cimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Ku Malawi matenanti ali ndi bungwe lao, Tobacco and Allied Workers Union of Malawi. Mu November 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake cifukwa ca nkhani za nchito ya ana ndi yokakamiza. Mu December 2020 matenanti zikwizikwi ndi ana ao anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands ku khoti la ku London, mlandu umene makampaniwo akuukana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo la nchito n'kuletsa utenanti. Lamulo limenelo limalekeza pa malire, koma mwambowo unaoloka kale.

Zimene malamulo a Zambia amanena

Malamulo awiri ndiwo ofunika pano. Loyamba ndi Industrial and Labour Relations Act, Chapter 269. Limapatsa wanchito aliyense ufulu wolowa m'bungwe la anchito, ndipo limaletsa bwana kumucotsa nchito pa cifukwa cimeneco. Kuti bungwe latsopano lilembetsedwe pamafunika anthu 50 osainira, ndipo bwana amene ali ndi anchito 25 kapena kuposapo ndiye amafunika kupangana ndi yuniyoni kuti aivomereze. Sitalaka yololedwa ili ndi njira yake yaitali. Mkangano umayamba wapita kwa mkhalapakati, zikakanika anchito amaponya voti, kenako amadikira masiku 10. Kucokera pa kusintha kwa lamuloli mu 2008, sitalaka siipitirira masiku 14, ndipo ikafika apo nkhaniyo imapita ku khoti, ku cigawo ca High Court coona za anchito. Onyanyala osatsata njira imeneyi lamulo siliwateteza, angathe kucotsedwa nchito.

Aliyense atha kuona kuti njira imeneyi anaikonzera mgodi ndi fakitale. Mabanja atatu a pa munda wa maekala asanu sangafike pa 25, ndipo masiku odikira akamatha fodya amakhala atapsa kale m'munda kapena atapita ku msika.

Laciwiri, Employment Code Act No. 3 ya 2019, ndilo limafika pafupi ndi ife. Pangano la nchito la miyezi 6 kapena kuposapo liyenera kulembedwa, ndipo nyengo ya fodya imaposa pamenepo. Ngakhale pangano la pakamwa, bwana ayenera kulemba zimene anagwirizana n'kupatsa wanchito kope lake. Akapanda kutero, pa mkangano mau a wanchito ndiwo amalandiridwa ngati umboni, pokhapokha bwana atasonyeza kuti si zoona. Lamuloli limaletsa kusunga munthu ngati waganyu pa nchito imene ndi yokhalitsa. Limapatsa mai masabata 14 a chuthi ca ucembere, ndi tsiku limodzi mwezi uliwonse lopuma osafunsidwa kalata ya dokotala, limene anthu amalichula Mother's Day. Zonsezi ndi za munthu amene amadziwika kuti ndi wanchito. Mkazi wa tenanti amaonedwa ngati wongothandiza mwamuna wake, ndiye zimamudutsa pambali.

Palinso zina ziwiri zimene eni minda ayenera kudziwa. Lamulo la Immigration and Deportation la 2010 limafuna cilolezo kwa mlendo wogwira nchito, koma limapezanso wolakwa amene walemba munthu wopanda cilolezo. Woopseza wanchito wake ndi a Immigration akudzinenera yekha mlandu. Ndipo kutenga munthu kwao momunamiza, kumulanda citupa, kapena kumumanga ndi ngongole yosatha kuti asacoke, zimagwera pa lamulo la Anti-Human Trafficking la 2008, limene cilango cake ndi zaka zambiri m'ndende. Dziko lathu linavomerezanso pangano nambala 141 la International Labour Organization la 1975, limene limanena momveka kuti ufulu wopanga mabungwe ndi wa onse a kumidzi, matenanti ndi alimi ang'onoang'ono omwe.

De Doorns, 2012

Citsanzo codziwika kwambiri ca sitalaka ya azimai obwera cili ku South Africa. De Doorns ndi tauni yaing'ono m'cigwa ca Hex River ku Western Cape, kumene amalima mphesa zogulitsa kunja. Nchito yodula ndi kulongeza mphesa ndi ya nyengo, ndipo ambiri oigwira ndi azimai ocokera ku Eastern Cape, Lesotho ndi Zimbabwe, okhala m'zisakasa za malata kunja kwa tauni, otengedwa pa lole m'mawa ndi makontilakita.

Mu November 2009 anthu a kumeneko anaukira Azimbabwe, powanena kuti akulola malipiro ocepa ndi kulanda nchito. Oposa 2,000 anathamangitsidwa m'nyumba zao n'kukakhala m'matenti pa bwalo la masewera kwa miyezi yambiri.  Patapita zaka zitatu, pa 27 August 2012, anchito a pa famu ya Keurboschkloof, ambiri a iwo azimai, analeka nchito. Pofika November sitalaka inali itafalikira m'matauni ambiri a cigawoco, ndipo ulendo uno eni dziko ndi obwera anayenda pamodzi. Malipiro ocepetsetsa a boma anali R69 pa tsiku, iwo amafuna R150. Anatseka mseu waukulu wa N1, minda ina ya mphesa inatenthedwa, apolisi anaombera, ndipo anthu atatu anafa. Mu February 2013 nduna ya zanchito, Mildred Oliphant, inalengeza R105 pa tsiku kuyambira pa 1 March.

Pali zinthu zoti tione pa nkhani imeneyi. Sitalakayo siinayambitsidwe ndi yuniyoni, popeza anchito ocepa kwambiri a m'mafamu ndiwo anali mamembala. Inayamba ndi makomiti a anchito eni ake, osonkhana m'makomboni madzulo, ndipo mabungwe akuluakulu anabwera moto utayaka kale. Inagwa pa nyengo imene mphesa sizingadikire. Mphamvu ya wanchito wa m'munda ili pamenepo, pa masabata ocepa amene mbeu ikasiyidwa imaonongeka, monga fodya wathu mu February. Koma phindu lake silinafike kwa onse mofanana. Eni mafamu ena anacepetsa maola, ena anayamba kulipiritsa nyumba ndi magetsi, ena anacotsa anchito, ndipo oyamba kucotsedwa anali a nyengo, ndiye kuti azimai ndi obwera omwe aja. M'cigawo comweco muli Sikhula Sonke, yuniyoni imene inalembetsedwa mu 2004 kucokera m'bungwe la Women on Farms Project la ku Stellenbosch. Inakhazikitsidwa kuti izitsogozedwa ndi azimai, cifukwa anaona kuti nkhani monga pangano la nyumba lolembedwa m'dzina la mwamuna yekha, zimbudzi za m'munda ndi nkhanza za m'banja sizimafika pa tebulo pamene amuna okha akukambirana.

Abale athu ku Zimbabwe

Agogo athu amakumbukira Mthandizi ndi Wenela, ndi machona amene anapita kum'mwera osabwerera. Ambiri anathera m'mapulazi a fodya a Southern Rhodesia, ndipo zidzukulu zao zikulankhulabe Cinyanja ndi kuvina Gule Wamkulu kumeneko. CCAP Harare Synod inakula cifukwa ca anthu amenewa. Kwa zaka zambiri anchito a m'mapulazi anali pansi pa Masters and Servants Act, lamulo limene linkaona kusiya nchito ngati mlandu, ndipo akazi ao ankaitanidwa kukagwira nchito pa nyengo yokolola monga mbali ya pangano la amuna ao. Dziko litalandira ufulu kunabadwa General Agriculture and Plantation Workers Union of Zimbabwe, mwacidule GAPWUZ, ndipo mu October 1997 anchito a m'mapulazi ananyanyala m'madera ambiri a dzikolo n'kutseka miseu, cinthu cimene cinali cisanaoneke pa mlingo wotero.

Kulanda mapulazi kutayamba mu 2000, ambiri anataya nchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya obadwira komweko ambiri ali opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 atakonza zimenezo. Amene anawalankhulira molimba anali mai, Gertrude Hambira, mlembi wamkulu wa GAPWUZ, amene anathawa m'dzikolo mu 2010 bungwelo litatulutsa umboni wa nkhanza zimene anchito anacitiridwa. Ife amene timalandira alendo lero, dzulo tinali alendo m'minda ya eni.

Cimene sicimanenedwa pa bwalo

Pali dandaulo lina limene silimveka pa milandu ya malipiro. M'minda ya tii ku Mulanje ndi Thyolo, imene kuyambira kale inadalira anthu obwera, makamaka Alomwe ocokera ku Mozambique, muli yuniyoni ya Plantation and Agricultural Workers Union. Komabe azimai 36 anafunika kupita ku khoti la ku London kukanena kuti akapitao ndi mamanijala ankawagwirira ndi kuwafuna cigololo kuti awalembenso nchito nyengo yotsatira. Mu February 2021 kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana nao kunja kwa khoti pa ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni, popanda kuvomera kulakwa. Mai wa pangano la miyezi yocepa amadziwa kuti kapitao ndiye amasunga mndandanda wa caka camawa. Wobwera amaopanso kuti akanena adzamuthamangitsa, ndipo mwamuna wake adzamusiya.

Owerenga Baibulo akumbukira kuti Rute anali mlendo wa ku Moabu, wamasiye, wokunkha m'munda wa mwini, ndipo Boazi anacita kulamula anyamata ake kuti asamukhudze. Sakadalamula cikhala kuti ngoziyo kunalibe. Lamulo la pa Deuteronomo 24:14-15 lonena za kulipira waganyu msanga limachula mlendo pamodzi ndi mbale, ndipo Yakobo 5:4 amanena za malipiro a okolola amene eni minda anawakaniza. Malemba amenewa timawalalikira kawirikawiri ponena za makampani a kutali, pamene munda umene akunena ungakhale uli kuseri kwa chalichi.

Nanga kuno kwa Mwase?

Kunyanyala kumacitika kuno, koma kulibe dzina. Banja limanyamuka usiku pakati pa nyengo yothyola. Azimai aganyu amauzana pa citsime kuti kwa uje salipira, ndipo m'mawa mwake mwini munda amapeza mizere ili yokha. Eni minda amati kumeneko ndi kusakhulupirika, ndipo nthawi zina amanena zoona, popeza alipo matenanti amene amadya phoso la miyezi itatu n'kuthawa, kapena kugulitsa fodya mwakuba kwa mavenda. Koma wothawa usiku amasiya thukuta lake lonse m'cigafa, ndipo wobwera m'malo mwake amapeza zinthu zili cimodzimodzi.

Maganizo athu ndi akuti sitalaka ndi cida ca anthu amene anawerengedwa kale, ndipo mai wa pa munda wa fodya sanafike pamenepo. Coyamba n'cakuti dzina lake lilembedwe. Pepala limodzi la m'kope la sukulu likwanira, lolembedwa nazale isanafesedwe, lokhala ndi maina a mwamuna ndi mkazi aliyense payekha, kukula kwa munda, mtengo wa kilo kapena gawo limene adzalandira, mtengo wa thini la phoso, amene adzalipira cipatala ndi ulendo wobwerera, ndiponso gawo limene lidzaperekedwa m'manja mwa mai mwini wake. Makope akhale atatu, lina kwa anyakwawa kapena mkulu wa mpingo amene wacitira umboni. Buku la ngongole likhale ndi linzake kwa tenanti, ndipo aziwerengerana mwezi uliwonse osadikira July. Pepala lotere limatetezanso mwini munda woona mtima pa tsiku la mkangano.

Za kusonkhana, azimai obwera sayambira pacabe. Ambiri ndi a Cigwirizano kapena a Umanyano kwao, ndipo amadziwa kusankha wapampando, kusunga kaundula ndi kuyendetsa cilimba. Makomiti a ku De Doorns anayamba ndi zocepa kuposa zimenezi. Cimene cimasowa ndi kalata yocokera ku mpingo wa kwao ndi munthu wowalandira kuno, cifukwa ambiri amatha nyengo yonse osaponda pa chalichi, poopa kufunsidwa mapepala kapena cifukwa mwini munda amagwiritsa nchito pa Sondo fodya akapsa. Gulu la azimai la pa mpingo uliwonse lingathe kudziwa mabanja obwera a m'dera lake pofika December, mvula isanatseke njira.

Nkhani ya malipiro ikakanika kwa anyakwawa ingapite ku ofesi ya Labour, ndipo ya cigawo cathu ili ku Chipata, kumenenso kuli Legal Aid Board yothandiza osowa ndalama ya loya. Nkhani ya kugwirira, kumenya, kulanda citupa kapena kugwiritsa ana nchito ya fodya si yokambirana pa bwalo la mpingo. Imeneyo ndi ya Victim Support Unit ku polisi, ndipo mkulu wa mpingo kapena mai wa Cigwirizano amene waimva aperekeze wodandaulayo kumeneko tsiku lomwelo.